Foloko Sindidula

Lolemba, 3 Juni

Felemu ya njinga yatha. Ndawotcherera ndekha malo onse, malume akuyang'ana chapatali. Atabwera anagogoda ndi hamala, osapeza ponena. Anangokanda kumutu n'kubwerera ku ntchito yawo.

Njinga yangayi si yonyamulira katundu ayi. Ndi ija yaitali, chishalo pansi ngati mpando wa ndalema, mahandulo m'mwamba, foloko yogwira gudumu yotambasuka kutsogolo. Ndinaiona kamodzi pa foni ya msuweni wanga, basi sinandichokenso m'mutu. Miyezi inayi ndikutola mapaipi pa mulu wa zitsulo zakutha kuseri kwa shedi ya malume.

Lachiwiri, 4 Juni

Malume akuti Loweruka kukubwera ntchito ya mageti ndiye akufuna pakona panga, pomwe ndikupangira njinga. "Ikayenda, uitulutse utakwera. Ikakana, ibwerera pamulu." Ndinangoti chabwino. Koma pamulu? Njinga yanga?

Lachitatu, 5 Juni

Foloko ndamangirira. Ndikaiimika imandifika pachifuwa. Kukongola kwake eti!

Msuweni, amene amathandiza malume pa galayinda yodulira zitsulo, anaizungulira kawiri. "A Chete, mwapanga njinga kapena nyamalikiti? Gudumu lakutsogolo lizikafika lero, inu mawa." Amanditcha Chete chifukwa sindiyankha. Lero ndinangoseka.

Bambo wina wodzatenga mawindo ake anaijambula n'kufunsa mmisiri wake. Msuweni analoza ine. Ndinanamizira kufunafuna sipanala mpaka bamboyo atapita. Manyazi anga amenewa! Koma panjira pobwerera kunyumba ndimangomwetulira ndekha.

Lachinayi, 6 Juni

Ndagwa. Kawiri.

Poyenda molunjika ilibe vuto. Koma ukangoti ukhote pang'ono, gudumu lakutsogolo limagwera kumbali lokha, mahandulo n'kukulanda m'manja. Chigongono chasupuka. Amayi pondipaka mankhwala anati, "Mwana wamkazi zipsera ngati wogwira ntchito kugalaja." Ndinafuna kuwauza kuti ndi komwe ndimakhala.

Malume akuti foloko yatalika, ndidule theka. Macheka aika kale pabenchi panga. Ndikadula ikhala njinga wamba yokhala ndi chishalo chopusa.

Lachisanu, 7 Juni

Ndinalawirira kushedi asanatsegule makina. Ndimafuna kudziwa chifukwa chake njinga yakale ya malume siigwera kumbali. Ndinatenga chingwe, n'kuchikoka motsata khosi la njinga yawo mpaka pansi, n'kulemba ndi choko pomwe chagunda. Kenako ndinalemba pomwe tayala laponda. Pakati pake zala zitatu basi. Nditachita zomwezo pa yanga, mpata wake chikhatho chonse ndi zala zinanso. Tayala langa likuponda kumbuyo kwambiri. Ndiye vuto si kutalika kwa foloko ayi! Gudumu likungofunika kusendera kutsogolo.

Ndinabwereza kanayi kuopa kudzinamiza.

Malume atafika anati, "Sunadulebe?"

Ndinayang'ana nsapato zawo. "Sindidula, malume."

"Wati chiyani? Kweza mawu."

"Foloko sindidula."

Msuweni anazimitsa galayinda. "Bambo, lembani tsiku. A Chete alankhula!"

Malume sanaseke. Anati khosi ndi langa, ndikalithyola ndikafotokoze ndekha kwa mlongo wawo. Koma marodi owotcherera sanandimane.

Ndadula tizitsulo tiwiri tokhuthala, ndaboola, ndatiwotcherera kunsonga kwa foloko kuti tigwire gudumu chakutsogolo. Koyamba kanapendama, ndinakagumula n'kuyambiranso. Ndayezanso ndi chingwe. Zala zitatu ndi theka. Kuyesa sindinayese, mantha.

Loweruka, 8 Juni

Lole ya zitsulo za mageti inafika m'mawa, amuna anayi akutsitsa. Ine ndimafuna ndiyese kopanda anthu. Malume anati, "Pakona paja ndikupafuna pano."

Ndinakwera onse akuona. Mmodzi anati, "Mlongo, ambulansi tiyitaniretu?" Ndinapalasa. Kutuluka pakhomo, kulunjika msewu, mpaka pa shopu ya matayala pomwe ndimayenera kutembenuka. Apa ndiye ndinapemphera. Ndinapinda mahandulo pang'onopang'ono, ndipo inakhota! Mofatsa, ngati ikudziwa njira. Ndinazungulira kachiwiri dala. Kachitatunso.

Anthu a m'mashopu anatuluka. Wometa anasiya munthu mutu theka n'kuyamba kuimba mluzu. Ndimaganiza kuti maso a anthu andipha, koma ukakhala pansi choncho, manja m'mwamba, nkhope siingaweramire pansi. Ndinawayang'ana onse. Mayi wina wa pa telala anakuwa kuti, "Wakupangira ndani?" Ndinakuwanso, "Ndekha!" Mawu anga omwe anandidzidzimutsa.

Pobwerera msuweni anati ndimukweze. Ndinamuuza kuti nyamalikiti sakweza aliyense.

Ndinalowa kukasesa pakona paja kuti zitsulo za mageti zilowe. Ndinapeza malume atagwada pambali pa njinga yawo yakale, chingwe changa chili m'manja, choko kukhutu. Anachikoka mokhota. Amuna aja akudikira ndi zitsulo pamapewa, iwo osawalabadira.

"Usasese kaye," anatero osandiyang'ana. "Tabwera, amisiri. Chingwechi umayambira pati?"

Ndinaika tsache pansi.