Kamfuti ka pamphumi

Lolemba, 3 Juni
Mpongozi wachira dzulo. Mwana wamwamuna, masiku osakwana, makilo 1.7. Amugoneka pachifuwa pa amake m'chipinda cha ana obadwa msanga. Mabedi khumi ndi anayi, namwino mmodzi, zenera limodzi losatsekeka. Kutentha kwa thupi akuyeza ndi kamfuti kapulasitiki kolozetsa pamphumi, konga kaja ankatiyezera pazipata nthawi ya mliri. Kukweza kachipewa ka mwana, kuloza, 36.8, wapita.

Lachiwiri, 4 Juni
M'mawa 36.8, masana 36.9. Koma timapazi zii ngati mwala wa m'madzi. Sakuyamwa. Ndafunsa namwino ngati mphumi yomwe yatandala m'chipewa chaubweya inganene zoona za thupi lonse. Akuti, "Agogo, makinawa ndi amakono." Ine wophunzitsa sayansi mpaka imvi, lero ndiuzidwe za amakono! Mwana wanga, bambo wa khandali, wangondikoka mkono: "Amayi, musayambe." Wamantha ngati malemu bambo ake.

Lachitatu, 5 Juni
Ndabwera ndi themometa yanga yagalasi. M'khwapa mwa khanda mphindi zisanu. Mzere osasuntha pa 35, pomwe manambala ake amayambira. Mwana wanga akuti yakalamba imeneyo. Ndaiika m'khwapa mwanga iye akuona: 36.6. Ndi yamoyo. Ndiye kuti khanda lili pansi pa 35, ndipo galasi silingandiuze kuti pansi pake mpaka pati.
Kusitolo ya mankhwala wogulitsa anafuna kundipatsa kamfuti komweko. "Aka ndiye kakuyenda malonda, amayi." Ndati sindikugula malonda. Manambala ake amayambira pati? Sakudziwa. Ndawerenga ndekha mabokosi onse, ndatenga yam'khwapa ya batire, yoyambira pa 32.
Madzulo, yam'khwapa: 34.6. Kamfuti, mphindi yomweyo: 36.7.

Lachinayi, 6 Juni
Inde, dzulo ndinakuwa, ndipo sindipepesa. Dokotala atabwera anaitanitsa yam'khwapa yachipatala. Inalipo! M'kabati ya asisitala, akulu a anamwino, yokhomedwa, ati imachedwetsa ntchito komanso imasowasowa. Inaonetsa 34.5. Mwana anathamangira naye ku bedi lotenthetsa, mkaka akulandira ndi kachubu m'mphuno. Ndinauza asisitala kuti akhome kamfutiko m'malo mwake, kiyi ataye m'chimbudzi. Zina zomwe ndinanena sindilemba. Mlonda anandiperekeza mpaka kuchipata atandinyamulira chikwama, mwaulemu wake wonse. Andiletsa kulowanso.
Namwino uja ndinamuona akulira pakhonde. Wayekha pa ana onse aja. Mkwiyo wanga wasowa pogwera, koma sunathe.

Loweruka, 8 Juni
Pabenchi kunja kwa chipata, mphepo ikundidula mawondo. Themometa ndinasiyira mpongozi, manambala amabwera ndi mwana wanga. 35.9, kenaka 36.2. Akuti amayi a mabedi ena ayamba kubwerekana, akupukuta ndi sipiriti. Kamfuti kakadalipo, kakuzungulirabe. Mwana wanga wabwera ndi tiyi. "Amayi, munalondola." Ndati tiyiyo wazizira.

Lachiwiri, 11 Juni
Chifuwa chandigwira, sindinapite. Nyumba zii, foni pamiyendo tsiku lonse. Chakumadzulo mpongozi waimba. "Amayi, khalani chete mumve." Kaphokoso kakang'ono, tchopi tchopi, kenaka kupuma, kenaka tchopi tchopi. Akuyamwa yekha.
Cholembera chinali m'manja. Nambala sindinafunse.