Mgolo wa Delmer

Bardstown, Kentucky

Wokondedwa mlongo wanga Delmer,

Ndikhulupirira uli bwino ku Alaska kozizirako, pamodzi ndi mlamu wanga Corinne ndi ana. Ine ndilipo, mawondo okhawa ndiwo akundizunza. Chimanga chacha bwino chaka chino, koma kutentha ndiye osanena.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni umangoti "chabwino, chabwino" n'kudula, ndipo zimandinyansa. Bambo sali bwino. Adokotala akuti mtima watopa, ndipo akukayika ngati afike nyengo yachisanu.

Mgolo wako tinautsegula sabata yatha.

Mwambo wa banja lathu sunauiwale. Mwana akayamba ntchito yotcheza wisiki, bambo ake amamudzazira mgolo wakewake wathundu, wosasakaniza ndi wina uliwonse, ndipo ukakhwima woyamba kulawa ndi mwiniwake. Wako Bambo anauika pansanjika yapamwamba penipeni m'nyumba yosungira migolo, potentha paja. Iwe unachoka usanakhwime, utasiya mowa, n'kunena kuti ukakhala kuno ufera m'botolo.

Chaka ndi chaka amalume a Harlan ankawauza kuti tiuthire m'mabotolo, pamwamba paja mowa umauluka ndi kutentha, paja timati angelo amamwa gawo lalikulu, mgolo ukuphwa. Bambo ankangoti mwiniwake akubwera. Ndiye Khirisimasi iliyonse uthenga wawo kwa iwe unali umodzimodzi, woti mgolo wako ukukudikira. Ine ndinkawauza kuti munthu amene anasiya mowa simumuitanira mowa, koma ankati ndine wolongolola, zaubambo ndi mwana wawo wamwamuna sindingazimve. Makani awo ukuwadziwa, poti nawe unatengera.

Atangotuluka m'chipatala analamula kuti mgolowo autsitse. Tinawatengera komweko pampando wamatayala. Delmer, mgolo umene unkafuna amuna amphamvu kuti ukwere, a Harlan anaugubuduza ndi dzanja limodzi. Atachotsa chotsekera tinapeza mwatsala pang'ono chabe pansi penipeni, wakuda bii. Bambo anaununkhiza nthawi yaitali monga amachitira, n'kuika pang'ono pa lilime, kenako n'kulavula. Akuti unkawawa ngati khungwa. Wisiki wa bourbon wokhalitsa choncho amangosanduka mtengo.

A Harlan anayesa nthabwala, akuuza Bambo kuti Virgil iwe, angelo onse akumwamba aledzera chifukwa cha liuma lako. Palibe anaseka.

Bambo anali atagwirabe tambula imene analawiramo. Kenako anati, "Mwana ankathawa chimenechi, ine n'kumamuitanira chomwechi. Zaka zonsezi ndimayesa ndikumuitana, pamene ndikumuthamangitsa."

Munthu amene sanagwetse msozi pamaliro a Mayi analira pamaso pa antchito ake. Ine zinandipweteka mpaka ndinatuluka panja.

Titabwerera kunyumba anandiuza kuti ndichotse mabotolo onse. Onse, ngakhale lija la agogo lokhala ndi dzina la banja lathu, limene sankalola aliyense kulipukuta fumbi. Ndinawafunsa kawiri ngati akunenadi zoona, anandikalipira kuti kodi ndagontha. A Harlan anabwera ndi galimoto n'kutenga zonse. M'kabati momwe munkakhala mabotolowo tsopano muli mbale zokhazokha.

Sindikunamiza, fungo la phala la chimanga lotchezera wisiki likadali m'mphepo m'tauni monse, ndipo limenelo sindingalichotse. Ukaona kuti likuvuta, udzagona kwanga kumunda, n'kutali. Palibe amene adzakupatsa tambula, ndipo wina akayerekeza adzaonana ndi ine.

Bwera, mwana wa mayi anga. Sindikuti uwakhululukire zonse, zimenezo ndi zako ndi Mulungu. Ungobwera akuone akadali ndi maso, aonenso adzukulu amene amangowadziwira pazithunzi.

Dzulo ndikupita kusitolo anandiitana, akuti ndigule chimene umamwa masiku ano kuti ukadzafika udzachipeze. Anandifunsa kuti n'chiyani. Ndinaima pakhomo, makiyi ali m'manja. Tonse awiri sitikudziwa, Delmer. Khofi, tiyi, kapena chiyani? Ukamayankha undiuze, Bambo akudikira kuti ndikagule.

Undiperekere moni kwa Corinne, ndipo ana uwapsompsone m'malo mwanga. Ambuye akusunge pantchito yako yapanyanjapo, akupatsenso mtima wobwera msanga.

Ndine mlongo wako,
Lurleen