Chidindo cha M'mphepete

4 Malichi
Masiku 49 chimwalirire amayi. Titachoka kukachisi ndinamutulutsira Tokuo pepala logawana zimene anasiya. Mlongo wanga ameneyu, zaka 52, sanawerengepo pepala mpaka pansi. Anangoti, "Ndi mgwirizano umenewu, achemwali?" Ndinati ayi, n'kalata yongokumbutsana. Bodza. Zaka 20 ndikutayipa mapepala kwa a Urabe, loya wa za malo, ndipo nyimbo yawo ndi imodzi: mutu wa pepala sumanga munthu, chomanga ndi mawu ali mkatimo ndi chidindo chake.

Anadinda chidindo cha dzina lake pansi pa pepalalo. Ndinamulozera m'mphepete, anadindanso. Chachiwirichi timapempha aliyense, kuti tikalakwitsa chilembo tikonze tokha osamuvutitsa mwiniwake.

6 Malichi
Ndakonza. Osati chilembo. Pamene panati nyumba ndi ya tonse awiri ndadulapo, ndalemba dzina langa lokha, pafupi ndi chidindo chake chija. Sindinazengereze, ndipo n'zimene zikundiopsa.

Koma zaka 9 ndikusambitsa amayi m'kachipinda kanga, Tokuo ali phee m'nyumba ya amayiwo ku Sakata, kubwera kamodzi pamwezi ndi nsomba zouma ngati wachita zazikulu. Ine ndinalibe msana?

2 Epulo
Wogula nyumbayo wapezeka, akufuna aigwetse aikepo poimika magalimoto. Ndadinda pangano logulitsa. Chikole, ndalama zokwana mayeni 2 miliyoni. Ndime 7: wogula akasintha maganizo, chikole chapita, wogulitsa akasintha, abweza kawiri. Theka la chikolecho ndabwezera kale ngongole kuchipatala kumene anagona amayi. Ndime 9: pofika 31 Meyi m'nyumbamo musakhale munthu. Munthuyo ndi Tokuo.

19 Epulo
Ndinawafunsa a Urabe za kusintha mawu pogwiritsa ntchito chidindo cha m'mphepete, ngati ndikufunsira kasitomala. Anavula magalasi. "Mwini chidindo akapita kukhoti, wokonzayo ali m'madzi. Koma Sumie, m'mphepete amakudindira ndi munthu wokukhulupirira. Wotereyo amadzadziwa mochedwa." Mpunga wanga wamasana ndabwera nawo kunyumba osaukhudza.

Tokuo wayimba foni kawiri. Sindinayankhe.

11 Meyi
Ndinakwera sitima yam'mawa kuti ndikamuuze. Mawu ndinawakonza njira yonse.

Ndinamupeza padenga, matailosi atsopano ataunjikidwa pabwalo. Akuti ndalama yonse imene amasungira kuti agule boti yathera pamenepo. Anafuula ali pamwamba pomwepo: "Nyumba yathu isamadonthe, achemwali! Chipinda cha amayi ndakuikirani mphasa zatsopano, mukapuma ntchito muzidzagona mmenemo. Nanga mwaima ngati wodzagulitsa inshuwalansi bwanji? Tagwirani makwerero!"

Ndinagwira. Ndinamupatsira matailosi limodzilimodzi mpaka anatha, iye akuimba mluzu. Anandiperekeza kusiteshoni, nkundigulira tiyi.

Sindinanene. Atsala masiku 20.