Uthenga wa Katemera

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Kutentha. Minibasi yochokera ku Silverest inadzaza mpaka pakhomo, ndafika ku Palabana bulauzi itanyowa. Magetsi abwera cha m'ma 10.

Seva, kompyuta yaikulu ya kopaletivu yathu, ndi ija ija yoyendera pulogalamu ya Debian, zaka zisanu ndi zitatu ili pansi pa tebulo. Ndiyo imatumiza mauthenga pa foni kwa alimi onse a ng'ombe. Ba Robson, abwana anga, safuna kumva zoisintha. "Luyando, chinthu chisebenza, osachigwira." Nchifukwa chake chaka chatha ndinangoika pulogalamu ina, Nix, pamwamba pake. Debian yawo ikhale chikhalire, mapulogalamu anga akhale pawokha. Ubwino wa Nix ndi woti kusintha kulikonse imakusunga ndi nambala yake. Zikavuta, umabwerera pa nambala yakale, zonse nkukhala monga zinalili. Panopa tili pa 14.

Lachiwiri, 8

Ba Justina, adokotala a ziweto, aimba. Katemera wachedwa ku Lusaka. Tsiku lobaya ng'ombe pa dibi silikhalanso Lachisanu lino, likhala Lachiwiri pa 15. Ati mankhwalawo akatuluka mufiriji sabwereramo, ng'ombe zikapanda kubwera ndiye kuti atayika.

Mawu a uthenga ndimawalemba mufayilo yomweyo ya Nix, pamodzi ndi zina zonse. Ndasintha tsiku. Poti ndinali pomwepo, ndakwezanso pulogalamu yotumizira mauthenga kuti ikhale yatsopano. Zonse ziwiri kamodzi, nambala 15. Ulesi basi, sindinafune kudikira intaneti yathu kawiri.

Mutu ukuwawa. Madzi kunyumba kulibe tsiku lachitatu.

Lachitatu, 9

Pulogalamu yatsopano ikukana modemu, kabokosi kotulutsira mauthenga. Debian yakalamba, sizikumvana. Mauthenga mazana atatu angoima pamzere. Ba Robson kumbuyo kwanga, manja m'thumba, kupumira pakhosi panga. "Ninakamba ine." Magetsi amazima 2 koloko, ine ndikuona 1:40.

Ndabwerera pa 14. Lamulo limodzi lokha. Modemu yayamba kuphethira, mauthenga onse apita kutatsala mphindi zisanu. Ba Robson anangoti, "Kanthu kako aka kali bwino, ka." Zaka ziwiri ndikugwira nawo ntchito, kunditama koyamba nkomweku. Ndinakondwa, ndisaname. Pobwerera ndagula mazira ndi tomato pamsewu.

Lachisanu, 11

Sindikufuna kulemba koma ndilembe.

9 koloko foni. Amalume anga, ba Sanford. "Tili pa dibi kuchokela m'mamawa, ba dokota bali kuti?" Kumbuyo ng'ombe zikulira, anthu akulankhula mokweza. Ndinawapempha andiwerengere uthenga. Anawerenga pang'onopang'ono monga amawerengera kutchalitchi. Lachisanu pa 11.

Ndinamvetsa pomwepo. Nambala 14 inabweza pulogalamu yakale, inde, pamodzi ndi tsiku lakale. Tsiku latsopano linatsala mu 15. Ndinaliikamo ndekha ndi manja angawa, ndipo Lachitatu sindinatsegule ngakhale uthenga umodzi kuti ndione zomwe zikupita. Maso anali pa kagetsi ka modemu.

Anthu ayenda ndi ng'ombe makilomita asanu ndi awiri, ena kuposa, dzuwa la Okutobala, chaka chachilala chino ng'ombe zili nthiti zokhazokha. Ya mayi wina yagona panjira pobwerera, akuti yadzuka madzulo. Mkaka wa m'mawa ambiri sanaperekenso.

Ba Robson sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Unakamba kuti ibweza vonse mwamene vinalili. Yabweza."

Nix sinalakwe kanthu. Ndicho chikundipweteka kwambiri.

Loweruka, 12

Ndapita kuofesi ngakhale si tsiku lantchito. Ndachotsa mawu a uthenga mufayilo ya Nix, akhale paokha. Nambala 16: pulogalamu yakale, tsiku lolondola. Ndayamba ndadzitumizira ndekha, ndawerenga katatu. Kenako kwa onse, ndi kupepesa, dzina langa pansi. Ba Robson amafuna tilembe kuti ndi vuto la makina. Ndakana.

Mayankho asanu ndi limodzi. Anayi otukwana. Wina wangofunsa kuti, "Manje tikhulupilile iti?"

Lolemba, 14

Dzulo ndinabwereka njinga, matchalitchi atatu, kuima kutsogolo nkunena pakamwa. Anthu aulemu, kugwedeza mitu, koma m'maso mulibe lonjezo. Bambo wina panja anati ng'ombe zake sizingayende ulendo uja kawiri sabata imodzi, zingafere panjira. Sindinamutsutse, akunena zoona.

Ntchafu zikuwawa. Ba Justina atsimikiza, abwera ndi katemera wa ng'ombe mazana atatu. Ndawauza zonse.

Ndatopa ndi seva, ndatopa ndi fumbi, ndatopa ndi ine mwini.

Lachiwiri, 15

Pa dibi, ndikulembera pabondo. Ba Justina afika 7 koloko ndi mabokosi awiri ozizira, awaika pamthunzi. Ati ikamakwana 11 ayezi adzakhala atasungunuka.

Ng'ombe zomwe zabwera: khumi ndi imodzi. Zonse za amalume. Anyamuka nazo kusanache, okha, ndi bondo lawo lodwala. Ndinayamba kupepesa, anandidula. "Ine sininabwele chifukwa cha foni. Nabwela chifukwa unabwela weka pa njinga." Ndinatembenuka kuti asaone nkhope yanga.

Tsopano 8:20. Ba Justina akuyang'ana wotchi, ine ndikuyang'ana msewu. Kumusi, cha ku mlatho, kwadzuka fumbi. Lochuluka ndithu. Kaya ndi ng'ombe, kaya ndi lole ya mchenga, sindinadziwebe.