Dzanja la Abiti Saidi

Lachinayi, mwezi wa Okutobala, ku Lungwena. Tsiku lotentha, ndipo mtima sunakhazikikebe.

M'mawa tikuwamba utaka, a Abiti Saidi, anansi anga, anagwa khunyu, dzanja lamanja n'kulowa pamoto. Amayi onse anafutukira m'mbuyo, poti amati ukakhudza munthu wakhunyu akuphupha, matendawo amakulowa. Ine ndinawakoka ndi chitenje chawo n'kuwathira madzi ozizira.

Achimwene anga anawakweza panjinga mpaka kuchipatala cha mishoni, ine ndikuwagwiririra. Panjira, anyamata ofunsa makhadi a chipani ataona dzanjalo anangotipatukira. Anamwino anati matendawa sapatsirana, koma zala ziwiri mwina sizidzawongokanso.

A Abiti Saidi atatsitsimuka sanafunse za dzanja. Anangoti, "Anaphiri, kodi ana anga anandiona ndikugwa?" Ndinati ayi. Ndinanama, onse atatu analipo.

Madzulo ano apongozi andipatulira mbale ndi chikho changachanga. Zimenezo ndipirira. Chimene sindinauze munthu n'chakuti nanenso ndinayamba ndaima ndi anzanga aja, mpaka fungo la khungu lopsa litandifika. Ndikanangothamanga pomwepo, mwina zala zija...