Kasupe Ali Kumtunda kwa Chigayo

Clermont-Ferrand, 9 Juni

Mlongo wanga Gracinda,

Moni kumudziko. Kaya mawondo ako aja akukulolabe kukwera chitunda cha kutchalitchi? Ine kuno kudziko la eni ndili pakatimpakati. Chifuwa sichikutha, ndipo mwana wanga Horácio wandibisira fodya ngati ndine khanda. Mpongozi amandisamala, sindinganame, koma supu wake ndi madzi okhaokha.

Kalata yako yandifoola. Wati ngalande yauma, mbatata ndi kabichi zikufota, ndipo madzi akapanda kubwera mwezi uno utseka nyumba ya amayi. Watinso Amílcar, mwana wa malemu a Belmiro, wakumba masiku atatu pachigayo chamadzi chakugwa chija osapeza dontho. Umuuze kuti mutu anatengera bambo ake, amene ankafunafuna mbuzi chingwe chili m'manja. Pachigayo madzi amangodutsapo. Kasupe ali kumtunda.

Mwa anthu asanu amene tinkakamutsegula chaka ndi chaka chikondwerero cha Yohane Woyera chisanafike, ndatsala ndekha. Tsono pempho langa nali: umuwerengere Amílcar izi, apite sabata ino.

Awoloke mlatho wamiyala, njira ya kumanda aisiye kumanzere. Akwere m'mbali mwa munda wathu wampesa mpaka pathanthwe longa chishalo. Mkuyu umene unali chizindikiro chathu uja asaufune, ndamva kuti unapsa ndi moto wa chaka chatha. Aime pathanthwepo mmamawa, aone pomwe dzuwa likuyamba kumenya phiri. M'munsi mwake, m'minga, muli mwala waphanthiphanthi wotseka kaphanga. Mmenemo mumadzaza mizu ndi matope. Alowe chokwawa ndi khasu lalifupi, makina akewo awasiye. Aponde mosamala, nguluwe zimagona pomwepo. Akayamba makani, umukumbutse kuti mawu a akulu akoma akagonera. Iwe usakwereko, ndimakudziwa.

Ndikanabwera ndekha, koma adokotala akuti masiku awiri m'basi sindingafike wamoyo, ndipo ulendo uno sindinawatsutse. Ndatopa, Gracinda.

Horácio akuti ndikuuze kuti usiye munda ubwere, chipinda chilipo. Ndinamulonjeza kuti ndilemba, ndiye ndalemba. Koma madzi akangofika pakhomo, usabwere. Mmodzi wa ife wakwana kuno.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Firmino, kwa msuweni wathu Olinda, ndi kwa Amílcar yemweyo akatuluka m'phangamo.

Ndine mlongo wako,
Albano