Chogwirira Ketulo Chasungunuka

Amake Yankho,

Musadabwe kupeza ketulo palibe, kukhitchini kuli konyowa. Mwamuna wanu wanzeru uja, amene anabwera ndi pulinta youmba zinthu kuchokera ku Chipata, wachitanso zake. Paja analonjeza kuti chogwirira ketulo chinathyoka chija aumba yekha? Anaumbadi. Magetsi ankangozimazima, makina n'kumayambiranso, mpaka ulusi wapulasitiki unatsala pang'ono kutha. Koma chinatuluka chokongola, chofiira ngati tomato.

Chimene sanafunse pogula n'chakuti pulasitikiyo amapirira moto kapena ayi. M'mawa uno watereka ketulo pambaula, madzi awira. Poti anyamule, chogwirira changotamuka ngati phula, ketulo pansi, mlomo wake n'kuthyoka. Phazi lapulumukira pang'ono.

Ndiye katswiriyo wathamangira pa Boma kukagula ina, amayi anzanu a Mvano asanafike kudzamwa tiyi masana ano. Pepani kwambiri. Chonde kolopanimo, ndipo makinawo muwafunditse chitenje alendo asawaone. Achimwene anu akafunsa za fakitale ija ndinkawauza kuti ndatsegula ndi makinawa, muwayankhe kuti abwana apita kukagula katundu. Bodza palibe pamenepo.

Ndine katswiri wanu,
Jobson